Mabuku awiri, munthu mmodzi: kuchokera pa chitupa kufika pa JOIN

Chaka chatha ndinachita manyazi ku Nyimba, ndipo chimene chinandichititsa manyaziwo ndi mizere inayi chabe ya SQL.

Amayi anga aang'ono amagulitsa nthochi m'mbali mwa msewu wa Great East, pamalo paja pamene mabasi ochoka ku Lusaka amaima anthu n'kutsika kukawongola miyendo. Iwo ndi alembi a kagulu ka azimayi osunga ndalama pamodzi ndi kukongozana, zija timati village banking. Zonse ankalemba m'buku limodzi lothaitha, lonunkha utsi. Ine nditaphunzirako za kompyuta kuno ku Lusaka, ndinadzipereka kuwapangira katsamba koti membala aliyense azilowa ndi nambala ya foni ndi PIN, aone zimene wasunga ndi ngongole yake. Ndinapanga matebulo awiri mu database. Loyamba linali la mamembala: dzina, mudzi, foni, ndalama. Lachiwiri linali la zolowera: foni ndi PIN. Awiriwa ndinawalumikiza pa nambala ya foni, poganiza kuti aliyense ali ndi foni yakeyake monga anzanga a ku Kabwata.

Patapita masabata awiri, foni yanga inalira. "Iwe mwana wanga, zinthu zako zija zatiyambanitsa kuno. Mayi wina walowa kuti aone ndalama zake, koma waona ngongole ya apongozi ake." Awiriwo amagwiritsa ntchito foni imodzi. Query yanga inapeza mizere iwiri ya nambala yomweyo, ndipo pulogalamu inangotenga woyamba. Inu amene munakulira kumudzi mukudziwa ulemu umene umakhala pakati pa mkazi ndi amake a mwamuna wake. Pamsonkhano wotsatira, apongoziwo sanabwere.

Ndinapepesa, ndinakonza. Koma nkhaniyi inandipangitsa kufunsa funso limene sindinalifunsepo ndili m'kalasi: kodi ntchito yolumikiza mabuku awiri kuti upeze munthu mmodzi inayamba liti kwathu? Inayamba kale kompyuta isanabwere, ndipo amene ankaigwira anali kalaliki wa pa boma la Petauke, pakuti masiku amenewo Nyimba inali pansi pa Petauke.

Tibwerere m'mbuyo. Kumayambiriro kwa 1898 asilikali a azungu anagonjetsa Angoni a Mpezeni, ndipo kampani ya British South Africa Company inakhazikitsa likulu la dziko limene inkalitcha North-Eastern Rhodesia ku Fort Jameson, komwe lero ndi Chipata. Kampani inkafuna ndalama ndi antchito. Mu 1901 inayamba kutolera msonkho wa nyumba, mashereni atatu pachaka, umene pambuyo pake unasanduka msonkho wa pamutu pa mwamuna aliyense wamkulu. Kuti utolere msonkho uyenera kudziwa amene wakhoma ndi amene sanakhome. Pamenepo ndi pamene dziko la Ansenga linalowa m'buku koyamba.

Bwana wa pa boma ankayenda ulendo m'midzi, ndi amtengatenga, amesenjala ndi kalaliki. Akafika m'dera la mfumu Ndake, Nyalugwe, Luembe kapena Mwape, nyakwawa ankasonkhanitsa anthu ake, ndipo mayina ankaitanidwa limodzilimodzi. Wakufa ankafafanizidwa, mnyamata amene waoneka kuti wakula ankalembedwa, wosamuka ankachotsedwa kuno n'kuikidwa uko. Panalinso lamulo lakuti mudzi uzindikirike pokhapokha uli ndi amuna okhoma msonkho osachepera khumi. Ndiye kuti mudzi wa anthu enieni, wokhala ndi nkhokwe ndi manda ake, ukanatha kusowa m'maso mwa boma chifukwa mizere m'buku sinakwane.

Buku limodzi likanakwanira anthu akanakhala pamalo amodzi. Koma msonkho womwewo ndi umene unkawathamangitsa. Kumudzi kunalibe kopezera mashereni, choncho amuna ankanyamuka wapansi, ambiri n'kukawoloka Zambezi pa Feira, pomwe lero timati Luangwa, kukagwira ntchito m'mapulazi ndi m'migodi ya ku Southern Rhodesia. Migodi ya kopa itatsegulidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, ena anayamba kulowera ku Luanshya, ku Nkana ndi ku Mufulira. Tsopano munthu mmodzi anali m'mabuku awiri: buku la msonkho la kwawo, ndi buku la kumene akugwira ntchito. Akakhoma msonkho ali kutali, panafunika wina woti agwirizanitse lisiti yake ndi mzere wake wa m'buku la kwawo. Zikapanda kugwirizana, munthuyo ankaoneka ngati wothawa msonkho, ndipo chilango chake chinali ndende kapena ntchito ya boma.

Vuto la kalaliki linali lomweli limene ine ndinakumana nalo. Agwirizanitse pa chiyani? Pa dzina? M'mudzi umodzi mungakhale a Tembo asanu, a Mumba anayi ndi a Lungu osawerengeka. Munthu ankabadwa ndi dzina lina, akakula n'kutenga lina, akabereka n'kuyamba kuitanidwa ndi dzina la mwana. Kuntchito mzungu akalephera kutchula dzina, munthu ankasanduka Foloko kapena Supuni. Kalembedwe nakonso kankasiyana malinga ndi khutu la wolemba. Njira imene boma linapeza inali kupachika nambala pa munthu, ndipo nambalayo inkayenda naye papepala lotchedwa chitupa. Pachitupa pankalembedwa dzina, mudzi, mfumu ndi boma la kwawo, ndipo olemba ntchito ankalembaponso. Ku Southern Rhodesia chinalipo kuyambira kale, ndipo kuno chinakhazikika cha m'ma 1930. Anthu a kompyuta akadachiona akanati ndi key, chinthu chimodzi chopezeka m'matebulo onse awiri.

Makolo athu ankadziwa bwino lomwe ntchito ya pepala limeneli. Linali lowagwirira. Wothawa ntchito yachibalo ankapezeka nalo, wosakhoma msonkho ankapezeka nalo. N'chifukwa chake ambiri anaphunzira kusokoneza mabuku mwadala: kusintha dzina, kutchula mudzi wina, kubwereka chitupa cha mnzawo, kapena kunena kuti chinatayika n'kutenga chatsopano. Mu May 1935, msonkho wa anthu a m'matauni utakwezedwa, ogwira ntchito m'migodi ananyanyala, ndipo ku Roan Antelope ku Luanshya anthu asanu ndi mmodzi anaphedwa ndi mfuti. Mu 1961, pa nthawi ya Cha Cha Cha, otsatira chipani cha UNIP, makamaka ku zigawo za Northern ndi Luapula, anasonkhanitsa zitupa n'kuzitentha. Ankadula ulusi umene unkalumikiza thupi la munthu ndi buku la bwana.

Pali chinanso choti tizindikire. Chitupa chinali cha amuna. Mkazi ankaoneka m'mabuku a boma kudzera mwa mwamuna, ndipo m'matauni a migodi ankafunsidwa kalata ya ukwati kuti akhale mwamtendere. Izi zinkachitika ngakhale kwa ife Ansenga, kumene mtundu wa munthu umatsata kwa amake. Pamene ine ndinaika azimayi awiri pansi pa nambala imodzi ya foni, imene inalembetsedwa m'dzina la mwamuna wa panyumbapo, ndinabwereza chizolowezi chakale osadziwa.

Ufulu utabwera pa 24 October 1964, boma latsopano silinataye nzeru ya nambala, koma linasintha cholinga chake. Lamulo la National Registration Act linakhazikitsidwa chaka chomwecho, ndipo mu 1965 anthu anayamba kutenga NRC, ija timangoti reji. Aliyense wofika zaka 16, mwamuna ndi mkazi yemwe, anayenera kukhala nayo. Tulutsani yanu muione. Manambala asanu ndi imodzi oyamba ndi anu, awiri apakati akusonyeza boma limene munalembetsera, ndipo 1 wakumapeto akunena kuti ndinu nzika ya Zambia. Mu 1971 kunabweranso lamulo la Registration and Development of Villages Act, lolamula kuti mudzi uliwonse ukhale ndi buku la anthu ake. Nambala imene kale inkakulondola tsopano inayamba kukutsegulira makomo: kuvota, ntchito, banki, pasipoti, penshoni.

Pa zaka zomwezo, kutali ndi Petauke, anthu ena ankalimbana ndi funso lomweli pa makina. Makompyuta a m'ma 1960 ankasunga zinthu mwa njira yakuti wofuna kupeza kanthu ayenera kudziwa kanjira kamene wopanga pulogalamu anakonza, ndipo funso latsopano linkafuna pulogalamu yatsopano. Mu June 1970, katswiri wa masamu wa ku England dzina lake Edgar F. Codd, amene ankagwira ntchito ku IBM mumzinda wa San Jose ku California, anafalitsa pepala lofotokoza njira ina. Iye anati zinthu zisungidwe m'matebulo osavuta, mizere ndi madanga, ndipo matebulowo azilumikizidwa pa nthawi yofunsa, pogwiritsa ntchito zimene zalembedwa mofanana m'matebulo awiriwo. Mawu akuti join ali m'pepala limenelo. Mu 1974 anzake awiri a ku IBM, Donald Chamberlin ndi Raymond Boyce, anafotokoza chilankhulo chofunsira matebulo otere, n'kuchitcha SEQUEL, chimene pambuyo pake chinakhala SQL. Oracle inayamba kugulitsidwa mu 1979, SQL inavomerezedwa ngati muyezo mu 1986, ndipo kalembedwe ka JOIN ndi ON kamene timaphunzira lero kanakhazikika mu muyezo wa 1992.

Pasiwedi nayo ili ndi mbiri yake. Ku MIT, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, gulu la Fernando Corbató linapanga CTSS, kompyuta imodzi yogwiritsidwa ntchito ndi anthu ambiri nthawi imodzi, ndipo aliyense anapatsidwa mawu ake achinsinsi. Mawuwo ankasungidwa monga momwe alili mu fayilo imodzi. Mu 1962 wophunzira wina, Allan Scherr, amene maola ake a pakompyuta sankamukwanira, anapeza njira yosindikizira fayilo yonseyo n'kuyamba kulowa ndi mayina a anzake. Anadzaulula yekha patapita zaka zambiri. Mu 1979 Robert Morris ndi Ken Thompson a ku Bell Labs anafotokoza mmene Unix inkachitira: siinkasunga pasiwedi yeniyeni, inkasunga chidindo chake, chimene chimapangidwa ndi masamu osabwerera m'mbuyo, atathirako timanambala tosiyana pa munthu aliyense. Munthu akamalowa, makina amadinda zimene walemba n'kuyerekeza ndi chidindo chosungidwa. Wakuba akaba tebulo amapeza zidindo zokhazokha.

Zonsezi zinafika kwathu pang'onopang'ono. Zambia inalumikizidwa ku intaneti mu 1994 kudzera mu ZAMNET, imene inabadwira pa UNZA. Koma kwa mlimi wa kwa Nyalugwe kapena wogulitsa nthochi wa pa Nyimba, database inafika kudzera pa foni. Kumayambiriro kwa 2014, bungwe la ZICTA litalamula, ma SIM onse osalembetsedwa anazimitsidwa, ndipo kuyambira pamenepo nambala ya foni inamangiriridwa ku reji. Mu nyengo ya ulimi ya 2015/2016 pulogalamu ya FISP inayamba kuyesa e-voucher m'maboma 13, ndipo mayina a alimi anayamba kuchoka m'mabuku a makoparetivi kupita mu kompyuta. Lero mukamalemba PIN ya mobile money, mukamaona zotsatira za mayeso pa foni, kapena mukamafufuza dzina lanu pa mndandanda wa ovota, kwinakwake makina akutenga mzere wa tebulo ili ndi mzere wa tebulo ilo n'kufunsa ngati ali a munthu mmodzi.

Reji yomweyo siinakhale yopanda chilema. Kwa zaka zoposa 50 inkalembedwa pamanja m'maofesi a m'maboma osiyanasiyana, opanda buku limodzi lowaona onse, ndipo boma lenilenilo lavomereza kuti manambala ena anaperekedwa kwa anthu awiri. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mu 2022 linayambira kulembetsa anthu mwatsopano mu INRIS, potenga zidindo za zala ndi chithunzi cha nkhope. Ganizirani munthu amene wagwira ntchito moyo wake wonse, n'kupeza kuti nambala yake ikutulutsa dzina la munthu wina wa kutali amene sanamuonepo. Query ilibe chifundo ndipo ilibe nkhanza. Imangobweza zimene zafanana.

Tsopano taonani mmene ndinakonzera zanga. Membala aliyense ndinamupatsa nambala yake ya m'kati mwa database, yosasintha, yosatanthauza chilichonse kunja. Tebulo la zolowera linasiya kudalira foni, n'kuyamba kuloza nambala imeneyo. Aliyense anasankha dzina lake lolowera, ndipo ndinauza database kuti ikane dzina lolowera limene lilipo kale.

SELECT anthu.nambala, anthu.dzina, zolowera.chidindo
FROM zolowera
JOIN anthu ON anthu.nambala = zolowera.nambala_ya_munthu
WHERE zolowera.dzina_lolowera = ?

M'Chinyanja mizereyi ikuti: pita ku buku la zolowera, peza mzere wa dzina limene munthu walemba, tenga nambala ya mwini wake, upite nayo ku buku la anthu, undibweretsere munthuyo pamodzi ndi chidindo cha PIN yake. Kuyerekeza chidindo kumachitika mu pulogalamu, query itabwera. Ngati mizere yobwera si umodzi ndendende, chitseko chisatseguke. Chizindikiro cha funso chili kumapetocho chili ndi ntchito yaikulu: zimene munthu walemba zimaperekedwa padera, osazisokerera m'kati mwa query. Mukazisokerera, wochenjera akhoza kulemba SQL yake m'bokosi la dzina, makina n'kuimvera. Njira yobera imeneyi, SQL injection, inafotokozedwa poyera mu 1998, koma mu 2015 inagwetsabe kampani yaikulu ya mafoni ya ku Britain, TalkTalk, ndipo zinsinsi za makasitomala pafupifupi 157,000 zinabedwa.

Mwina mukufunsa chifukwa chake matebulo akhale awiri, osangoika zonse pamodzi. Munthu ndi mmodzi, koma makiyi ake amasintha. Foni imabedwa, SIM imatayika, PIN imaiwalika, wina amafuna kulowa ndi imelo. Mukasiyanitsa munthu ndi kiyi, mutha kusintha kiyi osakhudza ndalama zake, ndipo mlembi wa gulu atha kuona mayina ndi ngongole osaona chilichonse cha PIN. Reji isungeni ngati mukuifunadi, koma musaipange kukhala nsanamira ya database yanu. Ena alibe, ena sanafike zaka 16, ena anailemba molakwika, ndipo taona kale kuti ena anagawana nambala.

Phunziro lina linandipweteka kuposa loyamba lija. JOIN wamba amabweza okhawo amene apezeka mbali zonse ziwiri. Amene ali m'tebulo la anthu koma alibe mzere m'tebulo la zolowera sawoneka, ndipo makina sadandaula. Nditayesa LEFT JOIN, imene imabweza onse a tebulo loyamba ngakhale alibe mnzawo ku tebulo lachiwiri, ndinapeza azimayi asanu ndi mmodzi opanda cholowera chilichonse. Analibe foni. Kwa mwezi wathunthu malipoti anga ankaonetsa ngati gulu lonse likuyenda bwino, chonsecho anthu asanu ndi mmodzi ndi ndalama zawo sankawerengedwa. Amayi aang'ono ankawadziwa onse ndi mayina, ndi midzi yawo, ndi chifukwa chimene wina anachedwera kubweza. Buku lawo lothaitha lija linali lolondola kuposa database yanga. Lero asanu ndi mmodziwo amaona ndalama zawo kudzera kwa mlembi, ndipo lipoti lililonse limayambira pa tebulo la anthu.

Ambiri a ife amene tikuphunzira kupanga mapulogalamu ku Lusaka, ku Kitwe kapena ku Chipata tidzalembera ma query masukulu, zipatala, makoparetivi ndi makampani okongoza ndalama pa foni. Mpando umene tikukhalapo ndi uja wa kalaliki wa pa boma, kungoti ife tingalumikize mizere miliyoni kamphindi kamodzi. Kalaliki akalakwitsa ankavutitsa munthu mmodzi, ndipo nyakwawa akanatha kuimirira n'kunena kuti uyu si yemweyo. Ife tikalakwitsa, palibe nyakwawa pafupi. Komanso kulumikiza bwino kwambiri kuli ndi ngozi yake, monga anadziwira aja anatentha zitupa. Reji, SIM, mobile money, ngongole ndi chipatala zikamangidwa pa nambala imodzi, wogwira matebulowo amadziwa za munthu kuposa abale ake. Zambia ili ndi lamulo la Data Protection Act la 2021, ndipo aliyense wosunga zinsinsi za anthu ayenera kuliwerenga. Koma lamulo silikhala nawe usiku pamene ukulemba ON.

Choncho musanalumikize matebulo, funsani mafunso amene ine sindinafunse. Kodi chinthu chimene ndikulumikizirapo ndi cha munthu mmodzi yekha? Kodi chidzasintha? Ndani amene sadzaoneka? Ndani adzaona zimene sayenera kuona? Mayankho ake sali pa YouTube. Ali kwa anthu amene mayina awo mukuwaika m'mizere, ndipo safunsa anadya phula.

Pa Khirisimasi ndinakwera basi kupita ku Nyimba. Amayi aang'ono ananditengera kunyumba kwa apongozi aja, ndinagwada, ndinafotokoza kuti cholakwa chinali changa osati cha mkazi wa mwana wawo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati: "Mwanawe, ukamalemba anthu uziyamba wawaona." Anabwerera m'gulu mu January, ndipo dzina lawo lolowera anasankha okha.